Makorali ofewa akafota, chotsani kaye manja m'thanki

Zonditopetsa ndi zakuti korali (kanyama ka m'nyanja kooneka ngati chomera, kamene anthu amaweta m'thanki) ikangotseka, munthu amathamangira botolo la mankhwala. Maganizo anga ndi akuti m'thanki yaing'ono ya madzi amchere, ya malita 40 kapena 60, chimene chimazunza makorali ofewa nthawi zambiri ndi kusinthasintha kwa madzi, ndipo wosinthasinthayo amakhala mwini thanki yemwe. Lero wasuntha korali, mawa wakweza getsi, mkuja wathira china cha m'botolo. Ikachira kapena kufa, sadziwa n'komwe chachititsa n'chiti.

Tengani korali ya Sarcophyton, ija ambiri amangoti leather. Nthawi zina imabweza ma polyp ake onse (timitu tating'ono totuluka pamwamba pake), pamwamba pake n'kumanyezimira ngati papakidwa phula, n'kukhala choncho masiku angapo, mwinanso kupitirira sabata. Apo sikudwala ayi, ikufundula. Kachikopa kopyapyala kamasendeka n'kuchoka limodzi ndi ndere ndi litsiro zimene zinamata pamenepo, kenako imatseguka yowala kuposa kale. Imangofuna madzi oyenda bwino kuchokera ku pampu kuti kachikopako kanyamuke. Muyambe kuda nkhawa ikamasungunuka, ikamachita mabala akuda, kapena ikamanunkha zowola mukaitulutsa.

Choyamba kuyeza ndi mchere. Madzi akamauluka ngati nthunzi, mchere umatsala. Mu thanki ya malita 40, akangochepa ndi malita 2, mchere wachoka pa 35 ppt (magawo 35 pa 1,000 alionse) kufika pafupifupi 37. Ndiye wina amadikira sabata, n'kukhuthuliramo madzi onsewo kamodzi, makorali n'kudzidzimuka kawiri. Wonjezerani pang'onopang'ono tsiku lililonse, madzi osefedwa ndi makina (a RO/DI) opanda mchere. Refractometer, chida choyezera mchere, nayo imanama ikatha nthawi, choncho iyeseni pa madzi odziwika kale kuti ndi 35 ppt. Kutentha kukhazikike cha pa madigiri 25 kapena 26, usana ndi usiku womwe.

Pamene ndimasiyana kwambiri ndi anzanga ndi pa nkhani ya madzi "oyera". Munthu amanyadira kuti nitrate ali pa 0, phosphate ali pa 0, pomwe makorali ake atuwa ndi njala. M'minofu mwawo mumakhala tindere totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya ndi kuwala, ndipo timafuna nayitrojeni ndi fosiforasi, zimene zimapezeka mu nitrate ndi phosphate. Zonse zikatheratu, makorali otchedwa zoa (zoanthid) amachepa, korali ya Xenia imafota, kenako tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa dinoflagellate timayala ulusi wofiirira wokhala ndi tithovu pamchenga. Ine ndimakondwa nitrate akakhala pa 5 mpaka 10 ppm (magawo pa miliyoni), phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1. Nthawi zina mankhwala ake n'kungodyetsako nsomba mowonjezera pang'ono, basi.

Getsi la LED nalo limapusitsa maso, limaoneka lofatsa pomwe likuwotcha. Korali yonga bowa ya Discosoma ikamakwinyika kapena kudzichotsa pamwala n'kumayandama, itsitsireni pansi pamthunzi ndipo muisiye milungu iwiri musanaweruze. Kumbukiraninso kuti ma leather amatulutsa mankhwala otchedwa terpene olimbana ndi oyandikana nawo. M'nyanja amasungunuka n'kutha, koma m'malita 40 alibe kopita. Ikani activated carbon (makala osefera madzi), ndipo muzisintha gawo la madzi sabata iliyonse, cha m'ma 10 peresenti.

Ngati zonsezi zili bwino koma ma zoa akukanabe kutseguka, zimitsani magetsi, dikirani ola limodzi, muunike ndi tochi. Tima nudibranch (tinkhono ta m'nyanja topanda chigoba) todya ma zoa timatenga mtundu wa korali yomwe tikudya, moti masana simungatione, koma mazira ake oyera opiringizika amaoneka pamitengo ya ma polyp. Pochotsa, valani magolovesi ndi zoteteza maso, chifukwa mitundu ina ya zoa, makamaka Palythoa, imakhala ndi poizoni wa palytoxin. Mwala umene uli nazo musaukwechese uli wouma, ndipo musayerekeze kuuwiritsa, nthunzi yake yagonetsapo mabanja athunthu m'chipatala.