Inu Osintha Nokha Oyilo wa Galimoto, Tamverani Kuno

Loweruka lapitali ndinadzuka m'mamawa kukayeretsa ngalande ya kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Chilenje mu Lusaka, poti mvula yayandikira ndipo masamba a mapeyala amatseka njira ya madzi. Ndinapezamo zina. Timadzi totsalira pansi pa ngalandeyo tinali titada bii, pamwamba pake pakunyezimira ngati utawaleza, ndipo m'mphepete munali mutagona fyuluta ya oyilo yobooledwa pakati ndi sikuludilaiva. Mwini wake ndikumudziwa. Dzina sinditchula, koma msewu wonse unaona Hilux yoyera ija itakhazikidwa pa mabuloko Lachisanu madzulo, miyendo iwiri ya munthu itatulukira pansi pake.

Ine ndakalambira pa chiwongolero cha Land Cruiser, kukwera mapiri a ku Rufunsa, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kukagona ku Chipata, m'mawa n'kutsikira ku Mfuwe. Oyilo ndasinthapo pansi pa mtengo, kutali ndi galaja iliyonse. Choncho musandimve ngati ndikuletsa munthu kugwira galimoto yake. Ndalama zavuta, ndipo mwamuna kapena mayi wodziwa zamkati mwa galimoto yake ndimamupatsa ulemu. Chondinyansa ndi phuma lanuli, ana anga. Mumaonera kavidiyo ka mphindi zisanu pa foni, n'kudzuka muli amakaniki. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ndiyambe ndi mabulokowo, chifukwa ndi amene amapha. Land Cruiser kapena Prado imalemera kupitirira matani awiri. Buloko la simenti, makamaka awa oumbidwa m'mphepete mwa msewu, mchenga tho simenti yongolawitsa, silichenjeza likafuna kusweka. Thabwa limayamba lalira, chitsulo chimayamba chapindika, koma buloko limangoti phwa, iwe uli chagada, sipanala ili m'manja. Jeke nayo si mzati. Ntchito yake ndi kukweza basi, osati kusunga moyo wa munthu. Chomvetsa chisoni n'chakuti galimoto zimenezi n'zazitali kale. Munthu wa thupi labwinobwino amakwawira pansi pa Land Cruiser popanda kuikweza n'komwe. Ndiye mukukwezeranji? Ndipo mukaikweza mbali imodzi, oyilo wakale amatsalira pakona ya sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini), choyezera oyilo chija n'kumakunamizani. Imikani galimoto pamalo osalala, tsekerani matayala kutsogolo ndi kumbuyo ndi zipika, ndipo ngati mimba yakula moti kukweza n'kosapeweka, pezani zitsulo zenizeni zochirikizira. Kagiya kakang'ono ka 4x4 kaja kayang'aneni kawiri: kakakhala pa N, galimoto imatha kuyenda yokha ngakhale giya yaikulu mwaisiya pa 1 kapena pa P. Inu a Land Rover Defender yakale muli ndi yanuyanu: handibuleki yake imagwira shafiti, siigwira matayala, kotero mukanyamula tayala limodzi lakumbuyo imatha kugudubuzika.

Tsopano ndikuuzeni za mwana wa mlongo wanga. Chaka chatha anagula Hilux ya dizilo yogwirapo kale ntchito, n'kuyamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Tsiku lina masana foni inalira.

"Amalume, bwerani msanga, galimoto ikufuka utsi ngati uvuni wa makala."

Nditafika ndinapeza bwalo lonse lili mbuu, anthu oyandikana nawo atatsamira mpanda. Mwayi wake injini anali ataizimitsa. Ndinamufunsa kuti oyilo wakale anatuluka wochuluka bwanji.

"Sanakwane ndi malita atatu omwe, amalume. Mwini wake wakale ankaiyendetsa ndi oyilo wochepa, anthu ena ndi osasamala."

"Nanga maonekedwe ake?"

"Woyera ndithu, ngati uchi. Kungoti akununkha kwambiri."

Apo ndinangofuna mpando n'kukhala pansi. Oyilo wa injini ya dizilo amatuluka wakuda ngati mwaye, ngakhale atayenda masabata ochepa chabe. Wooneka ngati uchi, wa fungo loboola mphuno, ndi wa giyabokosi. Pansi pa 4x4 pali mabawuti otulutsira mafuta angapo: ya injini, ya giyabokosi, ya bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi ya madifu awiri, mabokosi a magiya a pakati pa matayala. Mnyamata anaona chitsulo chotchinga pansi pa injini chija, n'kuchita ulesi kuchimasula, ndipo anagwira bawuti yoyamba imene dzanja linafikira. Anakhuthula giyabokosi mpaka kuuma. Kenako anatsegula boneti n'kuthira malita pafupifupi 7 a oyilo watsopano pamwamba pa wakale yense, osakoka choyezera ndi kamodzi komwe.

Oyilo akachuluka chotero, kilankishafiti imamumenya mpaka kuchita thovu, ndipo thovu silitetezera zitsulo. Masilo, timphira totchinga oyilo tija, amayamba kudontha. Choopsa kwambiri pa dizilo n'chakuti oyiloyo amatha kulowa m'njira ya mpweya, injini n'kuyamba kumuwotcha ngati mafuta ake. Zikatero imabangula yokha, kukwera n'kukwera, uzimitse kiyi, uchotse n'kuika m'thumba, iyo osaleka mpaka itadziphwanya. Mnyamata wangayo sanafike pamenepo, koma anali pakhomo pake. Ndipo akanangoti ndikaiyese pa msewu mpaka ku Chongwe, giyabokosi youma ija bwenzi titaigulanso. Tinakhetsa zonse, oyilo watsopano uja n'kutayika limodzi ndi wakale. Anandiuza kuti anachita manyazi kundifunsa. Ndinamuyankha kuti safunsa anadya phula, ndipo madzulo amenewo nsima sanaimalize.

Zina n'zazing'ono koma ndi zimene zimasiya anthu pa msewu. Kawosha ka pa bawuti ya sampu kamasinthidwa. Ndi ka makobiri ochepa, koma inu mumabwezera kakale kophwatalala kenako n'kumanga bawuti ndi mphamvu zonse, mpaka kuwonjezera paipi pa sipanala. Mukadya mazinga a sampu mudzadziwa mtengo wake. Mukamasula fyuluta, yang'anani ngati kamphira kake katuluka nayo. Kakatsalira pa injini inu n'kumangirapo yatsopano, timphira tiwirito timaphulika galimoto ili pa liwiro, oyilo yense n'kuthera pa phula musanafike pa Luangwa. Pakani kamphira katsopano oyilo ndi chala, mangani ndi dzanja, sipanala ikhale patali. Injini ikhale yofunda koma osati yotentha. Oyilo wongochoka pa ulendo amasupula khungu ngati phala la moto. Mukaliza injini, isiyeni ilire pang'onopang'ono mpaka kanyali ka oyilo kazime, osaponda moto, makamaka ngati ili ndi tebo. Suzumirani pansi, zimitsani, dikirani mphindi zingapo, kenako yezani.

Za mtundu wa oyilo, bukhu la galimoto yanu ndilo mfumu, osati mnzanu wa ku bawa. Injini yakale ya 1HZ ya mu Land Cruiser imamwa kupitirira malita 9 ndipo imakhala bwino ndi 15W-40, koma ma dizilo atsopano okhala ndi sefa ya utsi amafuna oyilo wawo wosasiya phulusa lambiri. Ndipo uja wogulitsidwa m'mabotolo opanda chidindo, wotsika mtengo modabwitsa, dzifunseni kuti wachokera kuti. Ngati galimoto imadya fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala m'misewu ya kumafamu, musadikire makilomita a m'tauni. Ife pa dizilo yakale sitinkapitirira 5,000. Mukawoloka madzi akuya, kokani choyezera tsiku lomwelo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa.

Koma chimene chandilembetsa ndi ngalande ija. Oyilo wakudayo mumamutaya kuti?

Mzinda uno wakhala pa miyala ya laimu, yodzaza ming'alu ndi mapanga. Amene munakulira ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Misisi mukudziwa: mukakumba pang'ono mwapeza mwala, ndipo nthawi ya dzinja madzi amatumphuka pansi mpaka kulowa m'nyumba. Dothi lakuno ndi lopyapyala, silisefa kanthu. Chimene mwathira pamwamba chimatsika m'ming'alumo n'kukakumana ndi madzi amene mijigo ndi zitsime zathu zimakoka. Madzi ena a mzinda uno amachokera ku mtsinje wa Kafue, koma ambiri ndithu amachokera pansi pa mapazi athu pomwepa. Kodi mwaiwala kolera wa 2017 ndi 2018, pamene zitsime zosaya zinkakwiriridwa m'makomboni? Mwaiwala 2024, odwala atagona ku bwalo la mpira la Heroes Stadium? Oyilo sayambitsa kolera ayi, koma matendawo anatiphunzitsa poyera kuti za m'chimbudzi zimafika m'chitsime. Njira yake ndi yomweyo. Ndiye wina, ndevu zili pepeya, amatenga malita 9 a oyilo wakuda n'kukhuthulira m'chimbudzi chokumba, ati kupha fungo ndi ntchentche. Tizilombo ta kolera mumatha kutipha powiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini. Oyilo mungamuwiritse mpaka mawa, sachoka.

Wina amawaza pabwalo kuti fumbi ligone, pomwe ana ake amakwawa n'kumadya dothi. Wina amapaka galu wa mphere, galuyo n'kudzinyambita usiku wonse, m'mawa ali kwala. Wina amakolezera mbaula, utsi wake n'kumapuma mayi amene akuphika. Za kupaka mitengo ya denga poopa chiswe sindibisa, inenso ndinachitapo kale ndisanadziwe, ndipo sindinyadira. Oyilo amene wazungulira mu injini makilomita zikwizikwi amakhala atatola mwaye, tizidutswa ta zitsulo ndi zotsalira za mafuta opsa. Madokotala amachenjeza kuti kumugwiragwira ndi manja kwa zaka zambiri kumatha kuyambitsa khansa ya pakhungu. Valani magolovesi, ndipo mukatha sambani ndi sopo, osati petulo monga ndimakuonerani.

Ngakhale boma limamuwerengera m'gulu la zinyalala zoopsa. Bungwe loteteza zachilengedwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011, ndilo limapereka zilolezo kwa otolera zinyalala zotere. Inu chanu n'chochepa kwambiri. Tcherani beseni lalikulu lokwana oyilo yense, osati kachitini kamene kadzasefukire pakati pa ntchito inu n'kumatukwana. Yalani katoni pansi. Fyuluta yakale muizondotse m'besenimo usiku wonse. M'mawa bwezerani oyilo wakudayo m'zigubu zimene munagulira watsopano, tsekani zolimba, ndipo mupite nazo ku galaja imene imasunga wake m'migolo, mukapemphe kuti akulandirireni. Funsani musanayambe ntchito, osati oyilo ali kale m'beseni. M'botolo la zakumwa musamuike ndi tsiku limodzi lomwe. Mwana wa zaka zitatu sawerenga, amangoona botolo lakuda lofanana ndi lija amamugulira atate ake.

Ndipo inu amayi a pakhomo, musamangoyang'ana pa zenera bambo akukwawira pansi pa galimoto yokhazikidwa pa mabuloko. Lankhulani. Akakwiya, akwiye ali moyo. Anawo achotseni pafupi, chifukwa mwana amakonda kukwera pa mpando wa dalaivala n'kumasewera ndi magiya pamene atate ake ali pansi.

Fyuluta ija ndinaitola, ili m'chitini pa khonde panga. Mwini wake abwere adzaitenge, ndipo abwere ndi fosholo ndi thumba, tikapale dothi lakuda lija mvula yoyamba isanalikokolole kupita nalo kwa anzathu a kumunsi. Sindikamukalipira pamaso pa ana ake. Loweruka ndimakhala pakhomo kuyambira 7 koloko, ndipo zitsulo zochirikizira galimoto ndili nazo ziwiri. Ndimabwereketsa kwa munthu wobweza.