Galimoto imeneyi ndi miyendo ya munthu

Ndakwiya ndipo sindibisa.

Loweruka msuweni wathu wina anabwereka galimoto ya achimwene anga kuti akatulire anthu ku chinkhoswe ku Mponela. Achimwenewo anadwala poliyo ali mwana, ndiye Sienta yawo amayendetsa ndi manja okhaokha. Pambali pa chiwongolero anamangirirapo chitsulo: ukachikoka galimoto imathamanga, ukachikankha ndiye mabuleki. Zopondera zonse zilipo pansi, wamiyendo atha kuyendetsa bwinobwino osakhudza chitsulocho.

Koma mkulu ameneyu akuti chitsulocho chimamugunda bondo. Watenga sipanala, wamasula. Wabweza galimoto Lamulungu usiku, chitsulo chili m'buti, mabawuti awiri osaoneka, kiyi wangosiyira mwana pageti.

Lolemba m'mawa achimwene avala tayi yawo, adzikoka kuchoka panjinga ya olumala kukhala pampando, atambasula dzanja, palibe chogwira. Anangoti duu, maso pachiwongolero. Ine ndinali pakhonde ndikuona. Sanalankhule kanthu, ndipo zimenezo ndi zimene zikundiwawa mpaka pano.

Abale anga, galimoto ija ndi miyendo yawo! Ukamasula chitsulo chija wamudula munthu miyendo kachiwiri. Iwe ikakuthawa galimoto umathamangira minibasi, umakwera kabaza, umayenda pansi. Iwo apita bwanji? Kondakitala akangoona njinga ya olumala amayang'ana kumbali, minibasi n'kudutsa. Kuntchito sanapite masiku awiri, kudikira makaniko kuti abwezeretse ndi kuyesa mabuleki, poti chinthu chogwira mabuleki sungangomanga ndi waya n'kulowa nacho mumsewu wa M1.

Ndiye wina pagulu lathu la WhatsApp akuti, "Nanga si ndi ya banja, tonse tinasonkha?" Eya, tinasonkha. Tinasonkhera chiyani? Kuti munthu asamapemphe kunyamulidwa ngati thumba la chimanga. Sitinasonkhere zinkhoswe. Mwina msuweniyo sanadziwe, mwina anali pachangu, zimenezo ndi zake. Foni anali nayo m'thumba, kufunsa kunamuvuta chiyani?

Kubwereka sindikukana, achimwene eni ake sakaniza munthu. Koma wabwereka miyendo ya mnzako, bweza miyendo. Mpando ubwezere pamene unali, chitsulo usachikhudze, ndipo ifike nthawi imene munagwirizana, chifukwa mwini wake alibe njira ina yotulukira pageti. Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Inu amene mukuyenda mothamanga lero, ngozi imodzi yokha, mudzachifuna chitsulo chomwechi.

Ndipo inu amene mumaimika magalimoto anu pamalo a anthu aulumali kumashopu akuluakulu mu Lilongwe muno, mukuti mungolowa pang'ono kukagula buledi, ndinu amodzimodzi. Malo aja anawakulitsa dala kuti chitseko chitseguke chonse, njinga itsike. Mwezi watha achimwene anakhala m'galimoto pafupifupi ola lathunthu padzuwa, atapanikizidwa mbali zonse, kudikira munthu wamiyendo iwiri yabwinobwino amalize kusankha nyama.