Chakudya chenicheni cha ku Western Cape chili m'timatauni

Ndinene maganizo anga, wokwiya akwiye basi. Ambiri amene tili kuno ku Cape Town timaudziwa mzindawu kuchokera pa siteshoni mpaka pantchito, nde tikapeza kandalama kapadera timathamangira ku mall kukadya nkhuku yomwe ija imene ilinso ku Johannesburg, ku Durban, paliponse, kukoma kwake kumodzimodzi. Pomwe kungotuluka mumzinda maola awiri atatu kuli timatauni tating'ono tomwe chakudya chake simungachipeze kwina kulikonse, ndipo vinyo amene mukumwayo mphesa zake mukuziona ndi maso muli pa tebulo pomwepo. Kwa ine munthu amene wakhala dera lino zaka ndi zaka koma sanadyepo ku Montagu, ku Tulbagh kapena ku Velddrif, ameneyo wangodutsamo.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuti aaa zimenezo ndi za azungu. Dekhani kaye, ndifikako.

Ndiyambe ndi Franschhoek kuti ndithane nayo, poti aliyense akamva za vinyo amatchula komweko. Ndi kokongola, sindikukana, mapiri mbali zonse, nyumba zoyera mbee, ndipo mbiri yake ndi yaitali, ma Huguenot amene ankathawa ku France pa nkhani za chipembedzo anafika kuno mu 1688 n'kupatsidwa malo m'chigwa chimenechi, nchifukwa chake mafamu ambiri kumeneko mayina ake ndi achifalansa mpaka lero. Koma tinene zoona, tauni imeneyi pano inakonzedwera alendo obwera ndi ma euro ndi madola. Mukwera ka tram kaja kozungulitsa alendo m'mafamu a vinyo, famu iyi famu iyo, chithunzi apa chithunzi apo, pofika madzulo mutu uli zweee simukukumbukanso kuti vinyo wa pa famu yachiwiri anali wotani. Ku lesitilanti akubweretserani chimbale chachikulu, chakudya kadontho pakati, katsamba pamwamba, weta n'kuima kufotokoza mpaka kadonthoko kuzizira. Pitani mukaone, palibe vuto, koma musaganize kuti mwamaliza.

Ine kumene ndimakukonda ndi njira ya Route 62. Mukwera N1 mpaka Worcester, mukhotera ku Robertson, pafupifupi makilomita 160 kuchokera ku Cape Town, kenako Ashton, kenako msewu umalowa m'kati mwa thanthwe penipeni pa Cogmanskloof, ka tunnel kafupi kamene anaboola m'zaka za m'ma 1870, mukangotulukira uko mwafika ku Montagu. Tauni yake misewu yowerengeka, tchalitchi, minda ya ma apricot ndi mapichesi, mashopu a zipatso zouma, basi. Koma khalani pansi mudye muone.

M'nyengo yozizira funsani waterblommetjie bredie. Ndi maluwa abale, maluwa enieni omera pamadzi m'madamu ndi m'zithaphwi za kuno mvula ikagwa, amawathyola asanamasule bwinobwino n'kuwaphika pamodzi ndi nyama ya nkhosa ya mafupa, anyezi, mbatatesi ndi kamasamba kowawasa, pa moto wochepa kwa maola. Ikabwera pa tebulo siyooneka bwino ayi, ndi yobiriwira motuwa, pa Instagram siyingakupatseni ma like, koma nyama ikungosiyana ndi fupa mukangoikhudza ndi foloko, maluwa aja afewa koma akadali ndi kenakake kotafuna, msuzi wake wolemera ndi mafuta a nkhosa koma kowawasa kaja kakudula mafutawo nde simukutopa nawo, mumangowonjezera mpunga. Ndiye pambali akuikireni roosterkoek, buledi wowotcha pa makala, kunja ali ndi mizere yakuda ya waya m'kati ali wofewa akutuluka nthunzi, mumung'ambe ndi manja mupake batala asungunuke n'kuika jamu ya apricot ya pomwepo. Ine pamenepo foni ndimaiwala kuti ndili nayo.

Mukatha kudya musakane ka muscadel. Ndi vinyo wotsekemera wa dera la Montagu ndi Robertson, ali wofiira ali woyera, amamuthira m'kagalasi kakang'ono ndipo pali chifukwa chake, mphamvu yake imaposa ya vinyo wamba chifukwa amawonjezeramo spirit. Anthu odzimva kuti amadziwa vinyo amamunyoza eti ndi wa agogo. Asiyeni. Kukuzizira kunja, inu mwakhuta bredie, kagalasi kameneko ndi kokwana.

Mukapitirira ndi Route 62 mudutsa Barrydale, Ladismith, n'kufika Calitzdorp kumene kumatentha koopsa ndipo anthu ake anazindikira kuti mphesa za ku Portugal monga Tinta Barocca ndi Touriga Nacional zimachita bwino m'nthaka yawo, nde amapanga vinyo wa mtundu wa port. Pabotolo mupeza alemba Cape Ruby, Cape Tawny kapena Cape Vintage chifukwa dzina loti port linatsala la ku Portugal kokha malinga ndi mgwirizano wa zamalonda ndi European Union. Kutsogolo kwake ndi Oudtshoorn, kwawo kwa nthiwatiwa. Nyama ya nthiwatiwa ndi yofiira, yopanda mafuta, ndipo ngati ndinu aja okonda nyama yopsa mpaka kuuma musaitanitse, mungowononga ndalama. Koma nkhosa ya ku Karoo, imeneyo ndiye itanitsani mmene mungafunire, nkhosa zake zimadya tizitsamba tonunkhira ta m'chipululu ndipo fungolo limamveka mu nyama.

Mbali inayo kuli West Coast, kwa amene mumakonda nsomba. Ku Velddrif m'mphepete mwa mtsinje wa Berg kuli kamsewu kafumbi kotchedwa Bokkomlaan kumene amayanika bokkoms, tinsomba tothira mchere wambiri tomangirira m'mitolo n'kupachika kuti tiume ndi mphepo. Fungo lake mulimva musanatsike galimoto. Mumasenda khungu, kudula tizidutswa topyapyala, kuika pa buledi wopaka batala ndi jamu, pambali vinyo woyera wozizira. Mchere wake ndi wa nkhanza koma ndi jamu uja zimagwirizana modabwitsa. Snoek nayo amaiwotcha pa makala akuipaka batala, adyo ndi jamu ya apricot, n'kudyera mbatata yotsekemera. Anthu a kuno nkhani yosakaniza zotsekemera ndi zamchere sachita nayo manyazi, ndipo mukazolowera simubwerera. Ku Paternoster, kamudzi ka asodzi ka nyumba zoyera, kuli Wolfgat, lesitilanti ya mipando pafupifupi 20 yokha imene mu 2019 inatchedwa lesitilanti yapamwamba ya chaka pa World Restaurant Awards ku Paris, shefu wake Kobus van der Merwe amaphika zomera ndi zam'nyanja zotola m'mphepete mwa gombe momwemo. Mtengo wake si wa ife tonse, ndingonena kuti anthu aja anasiya mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi n'kusankha kamudzi ka asodzi, nde inu mukudikira chani.

Tsono za vinyo, poti apa mpamene ambiri timachita mantha. Timaopa kuti tiitanitsa zolakwika, titchula dzina molakwika, atiseka. Palibe amene ali ndi nthawi yokusekani aise. Dziko lino lakhala likupanga vinyo kuyambira 1659, pamene Jan van Riebeeck analemba kuti afinya mphesa koyamba ku Kapa, ndipo mitundu iwiri yokha mukaidziwa mwayamba bwino. Woyera ndi Chenin Blanc, achikulire amamutchula Steen, South Africa ili ndi minda yambiri ya mphesa imeneyi kuposa dziko lina lililonse, kuposa ngakhale France kumene inachokera, nchifukwa chake amapezeka wabwino pa mtengo wosaboola thumba. Wofiira ndi Pinotage, wobadwira konkuno, mu 1925 pulofesa Abraham Perold wa ku Stellenbosch anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut n'kutuluka mtundu watsopano. Ena amamukonda ena amadana naye kwambiri, ine ndili pakati, ndi nyama yowotcha amayenda bwino koma yekha amandilemera. Kupitirira apo ingomufunsani weta kuti vinyo wa pafupi pompano ndi uti. M'timatauni umu kawirikawiri wetayo ali ndi m'bale wake amene amagwira pa famu imeneyo, akuuzani zoona, osati zoloweza.

Kulawa vinyo m'mafamu a ku Robertson ndi kotsika mtengo poyerekeza ndi ku Franschhoek kapena Stellenbosch, ndipo botolo pa famu pomwepo ndi lotchipa kuposa mu lesitilanti ya mumzinda. Kachidebe kamene amaika pa kauntala ndi kolavulira, si mwano ayi, ndi mmene zimachitikira, makamaka ngati chiwongolero chili ndi inu. Malire a lamulo a mowa m'magazi a woyendetsa ndi 0.05 ndipo misewu yake ndi ya m'mapiri yokhotakhota, usiku kulibe magetsi. Sankhani mmodzi wosamwa kapena gonani komweko.

Chinanso muchoke mumzinda mutasiya changu. Malesitilanti ambiri a m'timatauni ophika ndi mmodzi kapena awiri, menyu yalembedwa ndi choko pa bolodi, zakudya zisanu mwina zisanu ndi chimodzi, china chikatha amangofufuta. Anthu ena zimawakwiyitsa, ine zimandipatsa chikhulupiriro, menyu ya masamba khumi m'tauni ya anthu ochepa chonchi ndiye kuti zambirizo zikuchokera mu fulizala. Chakudya chichedwa, inde. Mwini wake abwera kudzacheza, akufunsani kumene mwachokera, pena mafunso ake opusa pang'ono, ayankheni basi.

Nde tibwere ku nkhani ija yoti ndi za azungu. Sindinama, pali malo ena mukalowa muli wakuda mitu imatembenuka, wina amayamba kuganiza kuti mwabwera kudzafunsa ntchito. Zimachitika ndipo zimapweteka. Komanso mbiri ya vinyo ameneyu siyoyera. Minda yoyambirira inalimidwa ndi akapolo ochokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi Mozambique mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1834, ndipo zakudya zimene lero zimatchuka ngati bobotie, nyama yogaya ya zokometsera yophimbidwa ndi mazira ndi mkaka, yodyera mpunga wachikasu, zinadutsa m'manja mwa anthu amenewo m'makhitchini a mabwana awo. Kenako kunabwera dop system, ogwira ntchito m'mafamu kulipidwa mbali ina ya malipiro ndi vinyo, tsiku ndi tsiku, dala kuti akhale zidakwa asachoke pa famu. Lamulo linaletsa zimenezi mu 1960 koma zinapitirira m'mafamu ena mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo zotsatira zake zilipobe, dera lino lili m'gulu la madera amene ali ndi ana ambiri padziko lonse obadwa ndi mavuto chifukwa mayi ankamwa ali woyembekezera. Mu 2012 ogwira ntchito m'minda ya mphesa ku De Doorns anachita sitalaka, ankalandira R69 pa tsiku akufuna R150, boma linakweza kufika R105 chaka chotsatira. De Doorns yomweyo imene mumaidutsa pa N1 mukusirira kukongola kwa chigwa.

Kwa ine zonsezi ndiye chifukwa chokhalira pa tebulopo, osati chothawira. Amene amadulira mphesa m'nyengo yozizira, amene amakolola mu February dzuwa likuswa mtengo, amayi amene ali kukhitchini akutakasa bredie ija, anyamata onyamula mbale, ambiri ndi anthu akuda ndi makaladi, ena ndi abale athu obwera kuchokera kumayiko ena kudzasaka. Ndiye chinthu chimene chadutsa m'manja mwathu kuyambira kumunda mpaka pa mbale chikhala bwanji cha eni ena pofika poti tidye? Lowani, khalani pa tebulo la pawindo, itanitsani botolo, ndipo bilu ikabwera musaiwale tipu, 10 peresenti ndiye poyambira, ngati wakutumikirani bwino onjezerani, ndipo ngati n'kotheka mupatseni m'manja. Palinso mavinyo a makampani a anthu akuda, mwachitsanzo Aslina wa Ntsiki Biyela, mayi woyamba wachikuda kukhala katswiri wopanga vinyo m'dziko lino, mukamuona pa menyu muyeseni.

Za ndalama musandiuze. Petulo mukasonkherana anthu anayi, n'kugula ma pie pa padstal, kashopu ka m'mbali mwa msewu, popita, n'kudya chakudya chimodzi chokha chabwino masana, sizifika ndalama imene ena mumaitaya Loweruka limodzi ku club. Amene simukufuna kupita kutali yambani ndi Tulbagh, ndi pafupi, muyende mu Church Street muone nyumba zakale zimene anazikonzanso chivomezi cha 1969 chitazigumula, kenako mudye. Kungoti imbani foni kaye musananyamuke, malo ambiri Lamlungu madzulo ndi Lolemba amakhala otseka ndipo khitchini imatseka msanga usiku. Za bredie ija nyengo yake ndi cha m'ma July mpaka September, mukapita mu December akupatsani ya maluwa a m'chitini nde musadzanditukwane kuti ndinakunamizani.