Wailesi yakaseti ya m'galimoto yanga sindichotsa

Dzulo ndinakatenga galimoto kwa makanika wina kuno ku Zomba. Amakonza mabuleki basi. Ndikuwerenga ndalama zoti ndilipire, kamnyamata kake kanasuzumira mkati n'kuyamba kuseka: "Bwana, makaseti mpaka lero? Tikuikireni yasikirini, iyi tikataye." Aka si koyamba kundiuza zimenezi, ndiye ndati ndiyankhire pano kamodzi n'kamodzi.

Galimoto yanga ndi Corolla yakale yochokera ku Japan, ndipo wailesi yake ndi yomwe inabwera nayo. Ambiri mukagula magalimoto oterewa mumati wailesi yake ndi yakufa chifukwa ikungogwira siteshoni imodzi kapena ziwiri, kwinako phokoso lokhalokha. Siyakufa ayi. Wailesi zakale za ku Japan FM yake imayambira pa 76 n'kulekezera pa 90, pomwe masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye kuti ikumva kachigawo kakang'ono kokha, onse amene ali pamwamba pa 90 siikuwafikira. Mankhwala ake ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa band expander, kamene amakalumikiza pakati pa eriyo ndi wailesi. Iko kamatsitsa manambala kuti alowe m'malire a wailesiyo. Kanga kamachotsa 14, ndiye siteshoni ya pa 100 ndimaipeza pa 86. Masiku oyamba zimasokoneza, koma ukasunga masiteshoni ako pa mabatani aja, nkhani yatha. Mpira ndimamvera momwemo, nkhani za masana momwemo, osagula bandulo.

Tsono kaseti. Ndivomere, inandichititsapo manyazi. Tsiku lina ndikukwera ku Ku Chawe ndi alamu anga, nyimbo zinayamba kukoka mawu ngati woimbayo wagwidwa tulo, kenako zii. Nditaima pambali n'kutulutsa, tepi inali itatuluka yonse, yakulungana mkati ngati matumbo a nkhuku. Alamu anaseka mpaka misozi. Ine phee, ndinasolola pang'onopang'ono, ndinatenga bolopeni ya Bic, ija ya makona sikisi imakwana ndendende pa kabowo ka kaseti, n'kuyamba kupota mpaka yonse inabwerera. Pamene inakwinyika pamamveka kakuphwephwera mpaka lero, koma ikuimba.

Vuto silinali kaseti, linali litsiro. Mkati muja muli kachitsulo kosalala kamene kamawerenga tepi, ndi kagudumu ka mphira kamene kamaipanikiza kuti iziyenda mofanana. Fumbi la msewu wa ku Jali likalowa, kuphatikiza zofiirira zimene tepi yakale imasiya, kagudumuko kamayamba kumata ndipo tepi imakulungika pamenepo. Thonje pa kamtengo, kuviika mu spiriti pang'ono, kupukuta zonse ziwiri, kudikira ziume. Basi. Ikamachedwetsabe nyimbo ndiye kuti kalamba ka mkati kafutukuka, ndipo amisiri akale okonza mawailesi amasintha. Chimene chimapha makaseti msanga n'kuwasiya pa dashibodi. Dzuwa la Okutobala limawapinda ngati chigumu, ndipo yopindika ilibe mankhwala.

Wina anena kuti nanga nyimbo za mu foni? Ziliponso. Pali kaseti ina yokhala ndi kachingwe, mkati mulibe tepi. Umailowetsa ngati kaseti wamba, kachingweko n'kulumikiza ku foni, wailesi n'kumaimba zonse zili mufonimo. Luso la kaseti limene a Philips anatulutsa mu 1963 likugwirizana ndi foni ya lero popanda kudula waya ngakhale mmodzi, ndiye ine ndichotserenji?

Koma chachikulu kwa ine ndi maso. Amene mumayendetsa pa Chinamwali nthawi yoweruka mukudziwa: akabaza uku, ana asukulu uku, minibasi yangoima pakati pa msewu kutsitsa munthu. Wailesi yanga ndimaigwira osayang'ana. Chala chikudziwa pali chopotokola cha mawu, chikudziwa batani lachitatu ndi siteshoni iti. Yasikirini ija imafuna uiyang'ane, uloze bwinobwino, ukaphonya ubwerezenso. Ndinakwerapo galimoto ya mnzanga wina kupita ku Blantyre, pofika pa Thondwe mtima unali m'mwamba, munthu akusakasaka nyimbo pa sikirini kwinaku anthu a pamsika akudutsa ndi madengu pamutu. Kaseti ya C90 ndi mphindi 45 mbali imodzi. Ukaiika pa Zomba, ikamatembenuka yokha ndiye kuti Namadzi wamudutsa kalekale, ndipo dzanja silinachoke pa chiwongolero.

Sindikunena kuti ilibe zofooka. Kumbuyo kwa nyimbo kumamveka kaphokoso ka "sssss", kudumpha nyimbo imene sukuifuna ndi ntchito, ndipo makaseti atsopano sapezekanso ngati kale lija tinkakagula kwa O.G. Issa ku Limbe. Achinyamata amene simunapotepo tepi ndi bolopeni sindikukukakamizani.

Kungoti m'kabokosi ka kutsogolo muli kaseti imodzi yolembedwa ndi dzanja la malemu bambo anga. Anajambula okha kwaya ya kumpingo kwathu ndi wailesi ya m'nyumba, ndipo pa nyimbo yachiwiri mayi anga ndi amene akutsogolera. Penapake mumamveka tambala akulira, penanso bambo akutsokomola pafupi ndi maikolofoni. Ana anga anaikopera mu foni, zikomo kwambiri, koma ine ndimafuna ndiilowetse ndekha, imveke "kwatcha", ndidikire timasekondi tija tisanayambe.

Ndiye amene muli ndi makaseti akale ku Matawale, ku Sadzi, ku Domasi kapena kulikonse, makamaka a kwaya ndi a nyimbo za ku Balaka, musawapatse ana kuti azimangira m'munda kuopsezera mbalame. Ndiuzeni, ndibwera kudzatenga ndekha.