Inu a m'makampani ogulitsa masheya, lipoti la ndalama zokayikitsa mukulisungiranji?

Nkhani imene ndamva sabata yathayi yandipweteka mutu. Ku kampani ina yogulira anthu masheya, kasitomala anaika ndalama zankhaninkhani mu akaunti, n'kugula masheya ochepa ongophimba anthu m'maso. Patangotha masiku anayi, anaimba foni kuti zotsalazo zitumizidwe ku akaunti ya "mlamu wake" kubanki ina. Mnyamata wa pa desiki anaona zonsezi, koma akuti anangoti, "Abwanawa ndi athu, timawadziwa." Ndalama zinapita, lipoti osalembedwa. Kodi ana inu, mwalowedwa chiyani?

Mumawadziwa? Mumadziwa nkhope yawo ndi galimoto imene amabwera nayo. Gwero la ndalamazo mukulidziwa? Wantchito wa boma amene malipiro ake a pamwezi mukuwaona pa fomu yomwe anadzaza yekha, akubweretsa ndalama zoposa malipiro a zaka zisanu, inu chete. Wina akugulitsa masheya pa mtengo woluza osadandaula n'komwe, bola ndalama zituluke msanga, inu chete. Wina akugawa ndalama zake pang'onopang'ono, lero, mawa, mkuja, kuti pasaoneke mulu. Maakaunti awiri akugulitsana masheya omwewo uku ndi uku, koma nambala ya foni ndi imodzi. Kampani yatsegula akaunti, mukafunsa mwini wake weniweni akukuzungulitsani, chiphaso cha unzika "ndibweretsa mawa". Mukufuna wakuba achite kukulemberani kalata? Cashgate ya 2013, kubedwa kwa ndalama za boma kuja, mwaiiwala kale?

Lamulo la kuno ku Malawi la milandu ya zachuma, Financial Crimes Act la 2017, silinakusiyeni kunja. Kampani ya masheya ili ndi udindo wofanana ndi wa banki. Mukakayika, wa pa desiki auze mkulu woona zotsata malamulo tsiku lomwelo, molemba, ndipo lipoti likafike ku Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lolandira malipoti otere, pasanathe masiku atatu ogwira ntchito. Kuwerenga kumayamba tsiku limene mwakayika. Sikudikira kuti abwana a kampani abwere kuchokera kunyanja. Ndalama zichuluke zichepe, lipoti lipite. Kasitomala akathawa pakati panjira chifukwa mwamufunsa mafunso, nayonso ndi nkhani ya lipoti. Ndipo palibe wakutumani kuti mupeze umboni wa mlandu, imeneyo ndi ntchito ya ena. Yanu ndi kunena zimene mwaona.

Amene mumati "ndi tindalama tochepa", tamverani izi. Ku America lamulo limati kampani ya masheya ipereke lipoti ku FinCEN, bungwe la boma lolandira malipoti otere kumeneko, pa malonda okayikitsa oyambira madola 5,000, pasanathe masiku 30. Kampani ya masheya ya Merrill Lynch itagulidwa ndi Bank of America mu 2009, oilembera malipoti anatengera malire a madola 25,000 amene mabanki amagwiritsa ntchito ngati wokayikiridwa sakudziwika. Nambala imodzi yolakwika m'buku la ndondomeko inakhala zaka khumi popanda woifunsa, malipoti pafupifupi 1,500 osaperekedwa. Mu Julayi 2023 SEC ndi FINRA, mabungwe oyang'anira malonda a masheya kumeneko, anailipiritsa madola 12 miliyoni onse pamodzi. Buku lanu la ndondomeko, lomwe munakopera kubanki lija, analiwerenga komaliza ndani? Ndipo musaganize kuti chilango chimathera pa kampani. Mu 2014 FINRA italipiritsa kampani ya zachuma ya Brown Brothers Harriman madola 8 miliyoni, mkulu amene ankayang'anira nkhanizi analipira madola 25,000 payekha n'kuimitsidwa ntchito mwezi wathunthu.

Nawo malipoti amene ena mumatumizawo amandimvetsa chisoni. Mzere umodzi: "malonda okayikitsa". Wofufuza achite nawo chiyani? Lembani dzina ndi nambala ya chiphaso, akaunti imene ndalama zachokera ndi imene zapita, tsiku lililonse ndi kuchuluka kwake, masheya amene anagulidwa, zimene munafunsa ndi zimene anayankha. Koposa zonse fotokozani chifukwa chake zimenezi sizikugwirizana ndi ntchito kapena bizinesi imene ananena potsegula akaunti. Mapepala onsewo asungidwe zaka zosachepera 7, pamalo poti akafunidwa apezeke, osati m'katoni yonyowa kuseri kwa ofesi. Lipoti likapita musagone, akauntiyo ipenyedwebe, zikachitikanso mulembenso.

Choipitsitsa ndi pakamwa. Wina walemba lipoti bwinobwino, madzulo n'kumuimbira kasitomala kuti "bwana samalani, akufunsa za inu". Wina akukamba nkhaniyo pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Kutsina khutu munthu amene mwamuperekera lipoti ndi mlandu paokha, ndipo woimbidwa mlanduwo ndinu. Abwana anuwo adzakhala atawoloka malire ndi ndalama zawo, inu mukuyankha mafunso kupolisi chifukwa cha komishoni ya tsiku limodzi.

Mwaphunzira sukulu, malaisensi muli nawo, maphunziro a chaka ndi chaka mumasayinira. Tasiyani chibwana, kalembeni lipotilo.