Ku Mtandire tinayambiranso kupatsana moni

Alembi, mwanena zoona kuti chidani cha ndale chingachepe anthu atamakumana m'magulu a m'dera mwawo. Ine ndimakhala ku Mtandire ndipo ndazionera ndekha. Mu 2019, nthawi ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho zija, anthu okhala mpanda umodzi anasiya kupatsana moni chifukwa wina ndi wa MCP, wina wa DPP kapena UTM. Zinkandipweteka mtima kwambiri.

Chomwe chinatibwezeretsa pamodzi kwathu kuno ndi banki m'khonde ya amayi komanso gulu lolondera usiku. Munthu amene mumasonkha naye ndalama sabata iliyonse n'kovuta kumutukwana pa WhatsApp, ngakhale atavala chitenje cha chipani china. Mtsinje wa Lingadzi ukasefukiranso, tonse timathandizana kutulutsa katundu m'nyumba, palibe wofunsa mnzake kuti anavotera ndani.

Pomwe ndikusiyana nanu ndi pa makomiti a chitukuko omwe mwawayamikira aja. Ena mwa iwo ndale zinawalowerera kale, mayina amachita kusankhiratu kuseri. A mabungwe a NICE ndi CCJP, omwe amaphunzitsa anthu za ufulu ndi demokalase, atithandize kuti masankho ake azichitika poyera, ndipo achinyamata, omwe andale amawakumbukira pa kampeni pokha, apatsidwemo mipando.