Kuzimitsiratu foni sikungatheke kwa ife ogulitsa malonda

Ndawerenga malangizo akuti wogulitsa malonda azizimitsa foni pa nthawi ya ntchito, ndipo cholinga chake ndikugwirizana nacho, koma kwa ife a kuno ku Blantyre zimenezo sizingatheke. Ine ndimagulitsa katundu wa m'magolosale kwa eni mashopu a ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo pafupifupi maoda onse amabwera pa WhatsApp, pomwe ndalama zambiri zimalowa kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Vuto ndi lakuti m'foni yomweyo mulinso magulu a kutchalitchi, a anzathu a kusukulu ndi okangana za mpira wa Bullets ndi Wanderers.

Tsiku lina ku Limbe, mayi wina akunditchulira makatoni a sopo amene ankafuna, maso anga anali pa uthenga wa pagulu, moti ndinalemba 5 m'malo mwa 15. Mayiwo sanakalipe, anangondifunsa kuti, "Achimwene, mwabwerera ine kapena foniyo?" Funsoli linandipweteka mumtima, chifukwa mayiwo akhala akundigula kwa zaka zambiri.

Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka kulira kwa magulu onse osakhudza ntchito, ndipo Facebook ndimatsegula madzulo okha. Mauthenga a makasitomala ndimayankha m'mawa ndisananyamuke, pa nkhomaliro, komanso mu minibasi pobwerera, pamene magalimoto athithikana mumsewu wa Masauko Chipembere. Ndikalowa m'shopu foni imakhala m'chikwama, ndipo oda ndimailemba m'kope ndi kuiwerenga mokweza mwini shopu akumva.